Munthu Amene Anamusiya M'chiguduli

Kalata yanga yoyamba yodandaula za nkhaniyi ndinailemba Lolemba, patangotha masiku asanu ndi anayi filimu ya Filidi Naini itayamba kuonetsedwa pa Chitakale. Yachiwiri ndinalemba mvula yoyamba itagwa chaka chomwecho. Yachitatu ndinakapereka ndekha kwa bambo ake a mwini filimuyo m'golosale mwawo, ndipo mkuluyo anasaina pakona kuti walandira. Kufika lero ndalemba makalata khumi ndi anayi, onse opita kwa munthu mmodzi, a Rashidi, amene anajambula filimuyo. Makope ake onse ndili nawo. Yankho ndinalandirapo limodzi lokha, la mizere itatu, lonena kuti nkhaniyi aiona.

Munthu amene ndinkamulankhulira m'makalatawo, a Faisoni Nampweya, anamwalira chaka chatha mwezi ngati uno, ndipo Loweruka la sabata yamawa abale akumanga chiliza pamanda awo kufupi ndi Limbuli. Achinyamata ambiri, ena a ku Blantyre ndi kupitirira, amawadziwa ndi dzina lakuti Chidula, chigawenga cha m'filimu chovala chiguduli kumutu. Ine ndinawadziwa zaka zoposa makumi anayi, ndili kalaliki pa esiteti ya tiyi pamene iwo ankagwira ntchito yodulira. Ndikufuna ndilembe za iwo, chifukwa amene akuwatchula kwambiri masiku ano ndi amene sanaonepo nkhope yawo.

Anali munthu wamfupi, wamanzere, wa mkono umodzi wonenepa kuposa unzake. Chichewa chawo chinkamveka kuti kunyumba anakulira Chilomwe. Mmawa uliwonse wa nyengo yodulira ankakhala pakhonde la nyumba yawo ku malaini, mwala wonolera uli pakati pa mapazi, ndipo sankayankha moni mpaka mpeni utameta ubweya wa pamkono. Mpeniwo, wokhota kumapeto, sankabwereketsa kwa wina aliyense, ngakhale kwa kapitawo. Ankakonda kunena kuti tiyi sakwiya ukamudula, amakwiya ukamutafuna. Amene sanagwirepo ntchitoyi ndiwafotokozere. Nthambi ya tiyi imadulidwa kamodzi, kuchokera pansi kupita mmwamba, mopendeka, kuti madzi a mvula asakhale pabala. Ukakhapakhapa nthambi imang'aluka n'kuyamba kuola. Odulira abwino analipo ambiri, koma mizere ya a Nampweya aliyense ankaizindikira ali patali, chifukwa mabala ake onse ankayang'ana mbali ina, yosiyana ndi ya anzawo ogwira kumanja. Ndipo akamaliza tsinde lililonse ankapukuta mpeni kawiri pantchafu asanasunthe. Ngakhale ana a ku malaini ankawatsanzira akamasewera.

Munthu ameneyu ndi amene zaka zake zomaliza sankagwira mpeni pamaso pa anthu. Ndinakawaona kangapo ku Limbuli. Chinanazi chikabwera, ankakankhira mbale kwa akazi awo kuti asende. Nzimbe ankasenda ndi mano ochepa amene anatsala.

Kwa amene sanaionere, nkhani ya filimuyo ndi iyi. Wodulira tiyi wina akomoka m'munda wa nambala naini tsiku la chiperoni. Anzake asanu ndi awiri amuona, koma poopa kuti tikiti yawo ya malipiro a tsikulo iwonongeka, amufunditsa nthambi zodulidwa n'kupitiriza ntchito, ndipo iye afera pomwepo. Chaka chotsatira nkhungu itabwerera, nayenso abwerera, chiguduli cha feteleza chili kumutu, n'kumawadula mmodzimmodzi pakati pa mizere ya tiyi. Salankhula liwu ngakhale limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nkhani yake ndi yomweyo basi. Sindikunena kuti ndi yoipa. Amene anagwirapo ntchito ya tikiti amadziwa chifukwa chake anthu ankakhala chete pamalo ofunditsa nthambi paja.

A Rashidi nthawi imeneyo anali mnyamata wa zaka zosakwana makumi atatu, wokhala ndi kamera imene ankajambulira maukwati. Chilolezo chojambula m'munda wakale wa esiteti anapatsidwa, ndipo kalata yake ndinataipa ndine. Ankajambula Lamlungu lokhalokha, mwezi wa Julaye, mmawa nkhungu ikatsika m'phiri. Magetsi owunikira analibe, ndiye nkhunguyo ndi imene inkagwira ntchito yonse. Dzuwa likatuluka onse ankakhala pansi m'mphepete mwa msewu kudikira kuti libisale. Magazi ankapanga ndi madzi a chidede osakaniza ndi katondo. Pamalo odula munthu ankaimika thunthu la nthochi, n'kuliveka malaya ndi chipewa. Osewera anali a gulu la zisudzo la pa Chitakale, kuphatikizapo amayi awiri otchola tiyi. Woyamba kuvala chiguduli anali mmodzi wa anyamatawo, koma mpeni unkamukanirira m'thunthu, anthu n'kumaseka. Apa m'pamene a Rashidi anabwera ku ofesi kudzandifunsa ngati ndikudziwa munthu wodziwa mpeni.

Ndine amene ndinawatengera kwa a Nampweya. Ichi sindinachibisepo.

Mkuluyo sanavomere msanga. Anati anaonerapo zisudzo pabwalo la mpira la esiteti, ndipo chimene chinkawasangalatsa chinali chakumapeto, pamene onse, wakuba ndi wobedwa, wophedwa ndi womupha, amatuluka atagwirana manja kuti ana aone kuti akufa aja adzuka. Anati popanda chimenecho sewero silinathe, anthu amapita nalo kunyumba. Choncho anapempha kuti nkhope yawo ibisike m'nkhani yonse, koma pamapeto pake pakhale gawo limene iwo akuvula chiguduli pakati pa anthu amene awapha aja, onse ali amoyo. A Rashidi anavomera mosavuta. Ine ndinalemba mawuwo papepala, a Rashidi anasaina, a Nampweya anadinda chala, ine ndinasaina ngati mboni. Pepalalo lili pano patebulo pamene ndikulemba.

Lamlungu loyamba iwo atafika, panabuka mkangano umene ndimaukumbukira bwino kuposa china chilichonse. Thunthu la nthochi linaimikidwa litavala malaya oyera. A Nampweya anatuluka mu nkhungu, anaima, anatsitsa dzanja, ndipo atangodula kamodzi kuchokera pansi mutu wa thunthulo unatsetsereka n'kugwa. Kenako anapukuta mpeni kawiri pantchafu. A Rashidi anaimitsa kamera.

"Madala, musadule ngati muli pa ntchito. Chidulayu ndi mzukwa wokwiya. Khapani ngati wamisala, ndipo kupukutako musiye."

A Nampweya anakweza chiguduli mpaka pamphuno. "Mwana wanga, dzanja ili lagwira ntchito imeneyi iwe usanabadwe. Silidziwa kunama. Ngati ukufuna wotafuna, muitane mnzako uja."

Anayesanso katatu, ndipo katatu konse thunthu linagwa chimodzimodzi. Mkuluyo ankayesetsa ndithu kukhapa moipa, koma dzanja likafika pafupi linkatembenuka lokha. Pomaliza a Rashidi anabweza tepi n'kusuzumira m'kawindo ka kamera, kenako anati zisiyeni choncho, zikuopsa kuposa zimene ankaganiza. Palibe mmodzi wa ife amene anaganiza kuti m'dera limene theka la anthu limadya za tiyi, kubisa nkhope ya wodulira n'kusiya dzanja lake poyera n'chimodzimodzi kulemba dzina lake pamphumi. Ine ndinayenera kuganiza zimenezi. Ndinali nditaona mizere yawo zaka zonsezo.

Gawo lomaliza linajambulidwa. Ndikubwereza, chifukwa ena amati ndikulota: linajambulidwa, Lamlungu lachisanu, m'shedi yoyezera tiyi, ine nditaima kumbuyo kwa kamera. Ophedwa asanu ndi awiri aja anakhala pabenchi ndi malaya awo ofiira chidede, akudya chinangwa chophika. A Nampweya analowa, anavula chiguduli, nkhope ili thukuta lokhalokha, ndipo mmodzi wa amayi otchola tiyi aja, mai Esitere, amene m'nkhani anali atadulidwa khosi, anawauza kuti asayandikire, akununkha feteleza. Mkuluyo anaseka mpaka kugwira mawondo. Kenako anayang'ana kamera, anapereka moni m'Chilomwe, anatchula dzina lawo ndi ntchito yawo, n'kuwauza ana kuti asaope, amene anadulidwa ndi nthochi. Zonsezi sizinapitirire mphindi zinayi.

Filimu inayamba kuonetsedwa Loweruka masana, m'vidiyo sho ya kuseri kwa msika, m'mene anatchinga mawindo ndi mapepala akuda. Ine ndi a Nampweya tinapita tonse awiri ndipo tinakhala pabenchi yakumbuyo, iwo atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Munthu woyamba atadulidwa, mayi wina patsogolo pathu analankhula, osakweza mawu n'komwe: "Awo ndi a Nampweya." Mnzake anati, "Eya, taonani mmene apukutira." Mitu inayamba kutembenuka. Poyamba anthu ankaseka ndi kuwaombera m'manja. Pofika wophedwa wachinayi, amene anali mai Esitere, kuseka kunali kutatha, ndipo amene anakhala nafe pabenchi anali atasendera kumapeto. A Nampweya anandigwira bondo n'kundinong'oneza kuti ndisadandaule, tidikire kumapeto.

Kumapeto kunafika. Chidula analowa mu nkhungu, mpeni uli m'manja, chithunzi chinada, mwini vidiyo sho anatsegula chitseko. Ife tinakhalabe, kuganiza kuti mwina disiki yadumpha. Anthu onse anatuluka, ndipo panja anaima mbali ziwiri kusiya njira yaikulu pakati, yoti galimoto ikhoza kudutsa. A Nampweya anadutsa pamenepo atagwira chipewa m'manja.

Tsiku lomwelo ndinakawapeza a Rashidi. Anati gawo lija analichotsa chifukwa linkapha mantha, munthu sangatuluke akunjenjemera ataona mzukwa ukudya chinangwa. Anati adzaliika pa disiki yachiwiri. Disiki yachiwiri sinatuluke, koma yoyamba inakopedwa pa Limbuli, pa Boma, mpaka kutsidya kwa malire.

Ndisawanamizire anthu a kwathu. Si opusa, ndipo ankadziwa kuti ndi sewero. Koma kudziwa kwa masana pamsika n'kosiyana ndi kudziwa kwa mmawa m'munda, nkhungu itatseka moti suona dengu la mnzako. Nyengo yodulira yotsatira, gulu la amayi otchola tiyi linkadutsa m'kanjira pamene a Nampweya anatulukira pakati pa mizere, mpeni uli m'manja, kupita kukamwa madzi. Amayiwo anataya madengu n'kubalalika, ndipo mmodzi anagwera m'ngalande n'kuthyoka mwendo. Sabata yomweyo akuluakulu a esiteti analamula kuti mkuluyo achoke ku gulu la odulira azikathirira mbande ku nazale, ndipo mpeni abweze ku sitolo. Kalata imeneyonso ndinataipa ndine. A Nampweya anabweretsa mpeniwo ataukulunga m'nsalu, ndipo anamupempha wa ku sitolo kuti aziupaka mafuta.

Kusiya ntchito sakanatha. Nyumba inali ya kampani, ana awiri anali adakali pasukulu. Anakhala ku nazale zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo nazaleyo inali pansi pa chitunda pamene mmawa wa Juni umamva bwinobwino mipeni ya anzako ikulira m'munda. Mai Esitere, Mulungu awasunge, anayendayenda m'malaini akuonetsa khosi lawo kuti lili bwino, koma mayi mmodzi sangapikisane ndi disiki. Amayi ankaopseza ana osamva kuti awaitanira Chidula. Mbuzi ikapezeka yovulala, dzina lawo linkatchulidwa, moseka, koma linkatchulidwa. Pamaliro, amuna akamasenda nyama kuseri, iwo akafika nkhani zinkaima ndipo wina ankawapatsa ntchito yokatunga madzi.

Atapuma ntchito anapita kumudzi kwa akazi awo, monga mwa mwambo wathu wa chikamwini. Kwawo kwenikweni kunali kutsidya, ndipo abale awo kumeneko anabalalika kalekale, moti kwina kothawira kunalibe. Kwa zaka zingapo zinthu zinakhala ngati zazizira, ma vidiyo sho atayamba kutsekedwa. Kenako kunabwera mafoni. Filimu imene ife tinkati yafa inadzukanso m'tizidutswa, makamaka kachidutswa ka kupukuta mpeni kaja, ndipo achinyamata a m'tauni anayamba kuikonda mwa njira imene ine sindiimvetsa. Ankaloweza mawu a ophedwa, ankatsutsana kuti imfa yabwino ndi iti. Tsiku lina anayi a iwo anafika pamudzi pa galimoto, atanyamula chiguduli chatsopano chobooledwa maso, kudzapempha kuti mkuluyo avale ajambulitse nawo. Sanali amwano. Ankawatcha katswiri, ndipo anabweretsa shuga ndi buledi. A Nampweya analowa m'nyumba n'kukhoma chitseko. Anyamatawo anadikira pabwalo kuyambira nthawi ya nkhomaliro mpaka dzuwa kupendeka, mudzi wonse ukuonerera, mwini nyumba ali m'kati ngati wakuba wozingidwa, osatha kutuluka ngakhale kupita kuchimbudzi. Pomaliza anajambulitsa ndi chitsekocho n'kumapita. Anabweranso ena pambuyo pake, ndipo mkuluyo anafika pozindikira kulira kwa galimoto yochokera kutali ikadali ku mseu.

Tinakanganapo kwambiri kamodzi, pa nkhani ya makalata. Ndinapita kukawawerengera kalata yachisanu ndi chinayi ndisanaitumize, monga ndinkachitira nthawi zonse. Anandimvetsera mpaka pomaliza, kenako anati ndisiye. Ndinawauza kuti chilungamo chili mbali yathu, pepala lilipo.

"Akalaliki, inu muli ndi pepala, ine ndili ndi thupi. Inu mukatseka faelo mumagona. Makalata amenewa mukulembera ine, kapena mukudzisambitsa nokha?"

Ndinakwiya, ndinanyamuka osatsanzika, ndipo tinatha pafupifupi zaka ziwiri osaonana. Kalatayo ndinatumizabe. Lero ndikhoza kuvomera kuti funso lawo linali ndi pogwira. Amene anathetsa udaniwo ndi iwo: anatuma wa kabaza kundibweretsera nandolo ndi uthenga wakuti kalaliki wokwiya amakalamba msanga. Za makalata sitinakambenso, ndipo iwo sanandifunsenso ngati ndikulembabe.

Chifukwa cha kamera ija, anakana kujambulidwa moyo wawo wonse wotsala. Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi anakakhala kuseri kwa tenti wojambula atafika. Abale atafuna chithunzi choti aike pa mwambo wa chiliza, anasanthula nyumba yonse ndipo anapeza cha pa chiphaso cha unzika chokha, chaching'ono ngati chikhadabo, m'mene akuoneka atamanga nkhope ngati munthu wogwidwa. Mdzukulu wawo atafufuza pafoni anapeza zithunzi zambirimbiri zolembedwa dzina la agogo ake, zonse za chiguduli.

Ndinapita kumudziko sabata yatha. Mai Nampweya maso awo ayamba kuchita ng'ala. Amaona munthu akayandikira kwambiri, ndipo akuti chaka chatha ankaona bwino kuposa pano. Filimuyo sanaionerepo ndipo safuna. Koma anamva kwa mai Esitere za gawo la m'shedi lija. Tili pamkeka anandifunsa mwadzidzidzi:

"Alamu, akuti bambo a kunowa anaseka pamenepo?"

Ndinati anaseka, mpaka kugwira mawondo.

"Zaka zonsezi sanasekenso choncho. Ndikufuna ndione maso asanatseke. Ngakhale kungomva."

Kenako anandigwira dzanja n'kunditsogolera kuseri kwa khitchini, kumene ine sindinafikeko nthawi zonse zimene ndinkabwera. Kuli mpanda wa udzu wautali kuposa munthu, wopanda khomo loonekera ku njira. Umalowera pakampata kopapatiza pakati pa khitchini ndi nkhokwe. M'kati muli matsinde asanu a tiyi. Anati amuna awo anadzala okha atangofika, ndipo ankawadulira Lamlungu mmawa, mudzi wonse ukapita kutchalitchi, ndi kampeni kamene anasulitsa mwakabisira kwa wosula wa pa Limbuli. Malowo ndi ochepa moti munthu akatambasula manja amakhudza udzu uku ndi uku. Pakona pali chitsa chokhalapo, chosalala chifukwa chokhalidwa. Tiyiyo chaka chino sanadulidwe, wakula kupitirira mpanda ndipo wachita maluwa oyera, chimene tiyi wosamalidwa sachita. Nditapatula masamba ndinaona mabala akale mmunsi, opola bwino, osang'aluka ngakhale limodzi. Udzu wa mpandawo wayamba kugwa mbali ya kum'mawa, ndipo nkhuku zikulowa.

Tsopano ndamva kuti a Rashidi, amene masiku ano amakhala ku Blantyre ndipo ndi munthu wamkulu wa imvi, akukonza zoonetsanso filimuyi itatsukidwa kuchokera ku matepi ake oyamba. Ngati zili choncho ndiye kuti matepiwo alipo, ndipo sanadyedwe ndi chinyezi monga wina anandiuzira.

Choncho ine, amene ndinali mboni pa pangano lija, ndikupempha a Rashidi mwaulemu ndi pamaso pa onse owerenga izi kuti ayankhe molemba lisanafike Loweruka la chiliza. Ngati mphindi zinayi za m'shedi zilipo, zifike kwa mai Nampweya mwa njira iliyonse imene angathe, ngakhale pafoni. Sitikupempha kuti zionetsedwe kwa wina aliyense ngati a Rashidi akuopabe kuti zipha mantha. Ngati anazifufuta, alembe choncho ndi dzanja lawo ndipo asaine, kuti ndikawawerengere mayiwo asiye kudikira. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe.